Za Mafupa Oumba ndi Miyala Yokhala ndi Dzina



A Wapampando, pamene kalata yanu inandipeza, yondiuza kuti mwapatula chipinda chimodzi pa koleji ino kuti chikhale mosungiramo miyala ndi mafupa a zamoyo zakalekale, ndi kuti mukufuna ndidzanenepo mawu pa za kapezedwe ka zinthu zoikamo, ndinakondwera ndithu, komanso mtima unandigunda pang'ono. Pakuti ndikudziwa kuti ambiri a ife, tikamva za nyumba yosungiramo zinthu zakale, timaganiza za malo okometsera sukulu, amene amatsegulidwa tsiku lobwera alendo, natsekedwanso alendowo akangotembenuka, kufikira fumbi ndi akangaude atalongedwa ufumu m'menemo. Ngati chipinda chanu chidzakhala chotero, kuli bwino muunjikemo matumba a chimanga, popeza amenewo adzapulumutsa anthu pa gwang'wang'wa. Koma ngati mwatsimikiza mtima kuti chikhale malo ophunziriramo, pamenepo tiyeni tikhale pansi tikambirane, ndipo mundikhululukire ndikayenda pang'onopang'ono, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tonsefe timamuseka Tomasi uja wa m'Malembo, amene anakana kukhulupirira za kumva kufikira atakhudza ndi chala chake. Koma pa maphunziro a miyala, Tomasi ndiye wophunzira wabwino koposa. Mwana angathe kuloweza pamtima kuti mwala wa laimu umachita thovu ukadonthezedwa asidi, nalemba zimenezo pa mayeso, nakhoza bwino lomwe, koma tsiku lomutuma ku phiri adzaupondaponda mwalawo osauzindikira, chifukwa sanaumvepo kulemera kwake m'dzanja kapena kuliona thovulo likutuluka. Katswiri wina wa ku Germany, Friedrich Mohs, m'chaka cha 1812 anasanja miyala khumi monga mwa kulimba kwake, kuyambira wofewa umene chikhadabo chimaukala, kufikira dayamondi amene amakala inzake yonse. Ndipo mndandanda umenewo, ngakhale uli m'mabuku onse a miyala, suphunzirika ndi maso okha, koma ndi chikhadabo, ndi kampeni, ndi kagalasi kosweka, munthu akukala mwala uwu ndi uwo mpaka zala zake zitadziwa zimene mutu unangomva.

Tsono miyala ndi yochuluka, ndipo ikhoza kugawidwa. Vuto lalikulu lili pa mafupa. Nyama zina zakale zinatisiyira mafupa ochepa kwambiri, mwina a nyama imodzi yokha pa dziko lonse lapansi, ndipo amenewo ali otsekeredwa m'nyumba imodzi ya mzinda umodzi. Mafupa a chilombo chachikulu chotchedwa Megatherium anapezeka m'mbali mwa mtsinje wa Luján ku Argentina m'chaka cha 1787, natumizidwa ku Madrid, ndipo Georges Cuvier wa ku Paris, amene anachipatsa dzina m'chaka cha 1796, anaweruza nkhani yake pongoyang'ana zojambula za papepala. Ngati Cuvier, mkulu wa akatswiri onse a nthawi yake, anadalira zojambula, nanga mwana wa mlimi wophunzira pa kakoleji ka kumidzi ya ku America akadaliona bwanji fupa lotero?

Munthu amene anatsegula njira pa vuto limeneli kumeneko anali Henry Augustus Ward, wobadwira mu mzinda wa Rochester m'chigawo cha New York m'chaka cha 1834. Iyeyu anakhalapo pa mapazi a Louis Agassiz ku Harvard, kenaka anaoloka nyanja kukaphunzira ku Paris, nayendayenda m'maiko a ku Ulaya ndi ku Egypt akutola miyala, akugula, akusinthanitsa, monga wamalonda wa nsomba zouma amene sadutsa pa msika osafunsa mtengo. Koma chimene chinamusiyanitsa ndi anzake n'chakuti, polowa m'nyumba zazikulu zosungiramo zakale za ku London, ku Paris ndi kwina, sanangoima kukamwa kuli yasa, koma anayesetsa kupeza zifanizo zoumba za mafupa amene eni ake sakadagulitsa pa mtengo uliwonse. Atabwerera kwawo anaphunzitsa pa yunivesite ya Rochester, ndipo m'chaka cha 1862 anakhazikitsa malonda ake, amene anadziwika ndi dzina loti Ward's Natural Science Establishment.

Ndifotokozeko pang'ono za kaumbidwe kake, pakuti amene anaumbapo njerwa sadzavutika kumva. Woumba njerwa ali ndi chikombole, ndipo dothi lililonse lolowa m'menemo limatuluka ndi maonekedwe a chikombolecho. Woumba mafupa amachita chimodzimodzi, kusiyana kwake n'kwakuti chikombole chake amachitenga pa fupa lenilenilo. Amayamba walidzoza fupalo mafuta kapena sopo kuti lisamatirire, nalitchinga ndi timipanda ta dongo, nathirapo pulasitala, ufa woyera uja umene a chipatala amaumbira chikhakha pa mwendo wothyoka. Ndipo popeza fupa silili ngati njerwa ya ngodya zinayi, koma lili ndi maenje ndi mitumbira ndi timakhwawa momwe munkadutsa mitsempha, chikombole chake chimakhala cha zidutswa zambiri, china kuumbidwa chinzake chitauma, kuti pochotsa pasathyoke kanthu. Zidutswazo akazimanga pamodzi amathiramo pulasitala wina, naikamo zitsulo zolimbitsa, ndipo chotulukamocho amachipaka utoto wofanana ndi wa fupa loyamba lija. Amisiri a masiku ano amaumba zikombole zawo ndi mphira wofewa, zifanizozo n'kuzipanga ndi mankhwala opepuka olimba ngati pulasitiki, ndipo ena amangojambula fupalo mbali zonse ndi makina, kompyuta n'kulamula makina ena kuti aliumbe. Koma nzeru yake ndi yomwe ija ya pa dambo la njerwa.

M'chaka cha 1866 Ward anasindikiza buku la mndandanda wa zifanizo zake, zoposa 1,000, chilichonse ndi dzina lake, ndi kumene kuli fupa lake lenileni, ndi mtengo wake; ndipo mkulu wa koleji, ali khale mu ofesi yake, ankasankha monga mwa kulemera kwa thumba lake, mabokosi n'kubwera pa sitima ya pamtunda. Koleji ya atsikana ya Vassar inagula kwa iye miyala yake yophunzitsira. Ku yunivesite ya Virginia, munthu wina wachuma wa ku Rochester komweko, Lewis Brooks, anapereka ndalama zomangira nyumba yonse yosungiramo zachilengedwe, imene inamangidwa m'zaka za 1876 ndi 1877, ndipo Ward ndiye anaidzaza, naimikamo pakati chifanizo cha njovu yakale yaubweya ya minyanga yopindika. Pamene njovu yotchuka ija Jumbo inagundidwa ndi sitima m'chaka cha 1885, antchito a Ward ndiwo anakonza chikopa ndi mafupa ake, mmodzi wa iwo ali mnyamata wotchedwa Carl Akeley, amene pambuyo pake anatchuka pa luso limeneli kuposa bwana wake. Ndipo zimene Ward anakaonetsa pa chionetsero chachikulu cha ku Chicago m'chaka cha 1893 zinagulidwa, nizikhala mbali ya maziko a nyumba imene lero ikutchedwa Field Museum. Mwini wakeyo, amene anaoloka nyanja ndi zipululu osaona ngozi yomupha, anafa atagundidwa ndi galimoto mu msewu wa mzinda wa Buffalo m'chaka cha 1906, magalimoto akali owerengeka.

Alipo amene amamupeputsa Ward ponena kuti anali wamalonda chabe, wosatulukira nzeru yatsopano. Ine sindili nawo amenewo. Wotunga madzi sindiye mwini chitsime, komabe mudzi wonse umamwa chifukwa cha mtsuko wake. Ndipo anyamata ndi atsikana ambirimbiri amene sakadafika ku London moyo wawo wonse anaima pansi pa nthiti za Megatherium m'koleji ya kwawo, naona ndi maso awo kuti dziko lino linali ndi eni ake ena ife tisanabwere.

Mafumu nawo anazisirira zifanizo zimenezi. Mafupa a dayinoso wa khosi lalitali wotchedwa Diplodocus atapezeka ku Wyoming m'chaka cha 1899, ndi ndalama za Andrew Carnegie wa ku Pittsburgh, Mfumu Edward VII ya ku Mangalande inaona chithunzi chake nichikhumba. Ndipo Carnegie anaumbitsa chifanizo cha zidutswa 292, chimene chinaoloka nyanja m'mabokosi 36, nichiimikidwa ku London pa 12 May 1905. Pambuyo pake mizinda ya Berlin, Paris, Vienna, Bologna, St Petersburg, La Plata ndi Madrid inalandiranso chake chake, chotero kuti nyama imene inagona m'thanthwe zaka zosawerengeka inadzuka, monga mafupa ouma aja a m'chigwa cha Ezekieli, niimirira m'maiko ambiri nthawi imodzi.

Ndikudziwa kuti wina pakati panu akunong'oneza mnzake kuti, zonsezi n'zabwino, koma fupa loumba ndi fupa labodza. Funso limenelo n'loyenera, ndipo ndiliyankha ndi nkhani zitatu za pa Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse. Ernst Stromer wa ku Munich anali ndi mafupa a dayinoso wa msana wa minga, Spinosaurus, ofukulidwa ku Egypt, amene iye anawafotokoza m'chaka cha 1915. Mabomba atagwa pa mzindawo mu April 1944, mafupawo anatheratu, ndipo chotsala chinali zolemba, zojambula ndi zithunzi zochepa, zimene akatswiri akhala akulimbanirana mpaka lero. Ku China, zibade za anthu akalekale zofukulidwa ku Zhoukoudian pafupi ndi Peking zinalongedwa m'mabokosi awiri m'chaka cha 1941 kuti zithawitsidwe nkhondo, ndipo mabokosiwo anasowa osaonekanso. Koma Franz Weidenreich anali ataumbitsa kale zifanizo zake mosamala, napita nazo ku New York, ndipo pa zimenezo ndi pamene ophunzira a dziko lonse akuphunzirira za anthu amenewo kufikira tsopano. Yachitatu ndiyo imandikhudza mtima koposa. Mayi wina wosauka wa m'mphepete mwa nyanja ku Lyme Regis, Mary Anning, amene ankadya za kugulitsa mafupa otola m'matanthwe, anapeza mafupa athunthu a chokwawa cha m'nyanja chotchedwa ichthyosaur, amene anakasungidwa ku Royal College of Surgeons ku London, nawonongeka ndi mabomba mu May 1941. Anthu ankayesa kuti zonse zapita. Koma m'chaka cha 2022 akatswiri awiri analengeza kuti apeza zifanizo zake ziwiri zakale, china ku Berlin, china m'nyumba yosungiramo zakale ya pa yunivesite ya Yale, zitakhala phee zaka zonsezo popanda wozizindikira. Taonani tsono, chimene mzinda waukulu unalephera kusunga chinasungika m'kabati ya pa sukulu.

Komatu ndikadakhala mboni yonama ndikadaima pomwepa. M'chaka cha 1912 ku Piltdown, ku Mangalande, kunalengezedwa chibade chimene ankati n'cha kholo lakale la anthu, ndipo akuluakulu ambiri a maphunziro anachivomereza kwa zaka 40, kufikira m'chaka cha 1953 pamene chinayesedwa bwinobwino, nichipezeka kuti chinali chibade cha munthu wonga ife tomwe cholumikizidwa ndi nsagwada za nyani wa mtundu wa orangutan, mano ake atapalidwa ndi tupa, mafupawo atanyikidwa m'mankhwala kuti aoneke akale. Chimodzi mwa zimene zinatalikitsa moyo wa bodza limeneli n'chakuti mafupa enieniwo ankasungidwa mokhoma, ndipo ambiri ofuna kuwaphunzira ankagwira zifanizo. Pulasitala amatenga maonekedwe a kunja mokhulupirika, koma sanganene za kulemera kwa fupa, kapena za mankhwala olowerera m'kati mwake, kapena za msinkhu wa zaka zake. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chifanizo ndi mboni yonena zimene inaona pa nkhope; mlandu ukakula, oweruza ayenera kuitana mwini wake. N'chifukwa chake ndikuti, chifanizo chilichonse chimene mudzaike m'chipinda chanu chilembedwe poyera kuti ndi choumba, ndi kuti fupa lake lenileni lili kwakutikwakuti; ndipo ngati woumbayo anawonjezera mbali zimene sizinapezeke m'nthaka, monga amachitira kawirikawiri pofuna kuimika nyama yathunthu, mbali zimenezo zisiyanitsidwe, kuti mwana adziwe pamene pathera umboni ndi pamene payambira kuganizira kwa mmisiri.

Nkhani imeneyi si ya kutali kokha ayi. M'zaka za m'ma 1920, Frank Dixey, katswiri wa miyala wa boma la Nyasaland, anatola mafupa a dayinoso m'boma la Karonga, amene Sidney Haughton wa ku South Africa anawafotokoza m'chaka cha 1928. Ndipo Louis Jacobs wa ku Dallas ndi anzake atafukula ena ku Mwakasyunguti, nyamayo inapatsidwa dzina loti Malawisaurus dixeyi m'chaka cha 1993. Mwana wa dziko lino, Elizabeth Gomani, anaphunzira mafupa amenewa mozama, natchulanso dayinoso wina dzina loti Karongasaurus m'chaka cha 2005. Amene munafikako ku nyumba yosungiramo zakale ya pa Karonga, yotsegulidwa m'chaka cha 2004, munaona Malawisaurus ataima pakati pa chipinda. Chimene munaonacho ndi chifanizo choumba, ndipo palibe chochititsa manyazi pamenepo, pakuti mafupa a zaka zoposa 100 miliyoni ndi olemera ndi osachedwa kuthetheka, osayenera kuboola ndi kupachika pa zitsulo. Ku Uraha, m'boma lomwelo, kunapezekanso m'chaka cha 1991 nsagwada za munthu wakalekale za zaka zoposa 2 miliyoni. Koleji ya m'dziko lino imene ingaitanitse chifanizo cha chilombo cha ku America, isanapemphe cha nsagwada za ku Uraha kapena cha fupa limodzi la Malawisaurus, ikufanana ndi munthu wodziwa maina a mafumu a kutsidya kwa nyanja amene sadziwa mfunda wa amayi ake.

Pali chinanso chowawa chimene abale athu a ku Zambia amachidziwa bwino. Chibade chotchuka chija chimene chinapezeka mu mgodi wa Broken Hill, kumene lero ndi ku Kabwe, m'chaka cha 1921, chinatengedwa kupita ku London, ndipo chili komweko, pamene eni dziko amaonetsa ana awo chifanizo, ngakhale boma lawo lapempha kuti chibwezedwe. Luso loumba linayenera kuthetsa milandu yotere, pakuti ngati chifanizo chili chokwanira kuphunzitsira, monga ndanenera, ndiye kuti chifanizocho ndicho chiyenera kuyenda ulendo, mwini wake n'kutsala pakhomo. Pamene zatembenuzika, mlendo n'kusunga ng'ombe, mwini khola n'kupatsidwa chithunzi chake, cholakwa sichili pa pulasitala.

Za miyala sinditaya nthawi yanu yambiri, chifukwa pamenepa Mulungu sanatimane. Inde, ilipo ina imene mudzayenera kugula kunja, kwa amalonda onga a Krantz a ku Bonn, amene akhala pa ntchitoyi kuyambira m'chaka cha 1833. Koma yochuluka ili m'mapiri mwathu momwemu. Chilumba cha Chilwa ndi phiri la Kangankunde zili ndi mwala wosowa wotchedwa carbonatite, wofanana ndi wa laimu koma wochokera ku moto wa pansi pa dziko, ndipo kuno ndi kumodzi mwa malo oyamba mu Africa kumene unazindikiridwa, Dixey yemwe uja ndi anzake atalemba za miyala ya ku Chilwa m'chaka cha 1937. Pa phiri la Malosa pamatuluka miyala yakuda yonyezimira, yosongoka ngati mikondo, yotchedwa aegirine, imene osunga miyala a ku Ulaya ndi ku America amailimbirana. Pa Mulanje pali dothi la bauxite, ku Mchenga malasha, ku Chimwadzulu miyala yofiira ndi yobiriwira ya mtengo wapatali. Koleji yokhala ndi chuma chotere pakhomo siyenera kupita kwa anzake manja ali lende. Itenge mwala wa ku Malosa, ikasinthanitse ndi umene ilibe, monga ankachitira Ward ali mnyamata wopanda ndalama.

Koma chachikulu pa zonse chimene ndadzera ndi kapepala. Tsiku lina ndinaitanidwa pa sukulu ina, imene sindiitchula, kuti ndikaone bokosi la miyala limene mphunzitsi wina wakale anasonkhanitsa pa zaka zambiri za ntchito yake. Titalitsegula tinapezamo miyala yokongola ndithu, ina yoti sindinaionepo. Koma timapepala tonse timene anakulungamo maina ndi malo tinali titadyedwa ndi chiswe ndi mphemvu, mwini wake anali atatsikira kulichete, ndipo buku lolembamo panalibe. Ndinaima pamenepo ngati munthu wofika pa manda opanda zizindikiro, wodziwa kuti apa pagona anthu, koma wosadziwa woti amulire. Mwala wosadziwika kumene unachokera, ngakhale ukongole chotani, wasanduka wogendera mbalame. Pamene kamwala konyansa kolembedwa kuti kanatoledwa pa mtsinje wakuti, pa tsiku lakuti, ndi uje, kangathe kutsogolera katswiri wa zaka 100 zikubwerazo ku mgodi umene ife sitinaulote. Ndipo musayese kuti kusasamala kotere n'kwathu kokha: nyumba ija ya Brooks ku Virginia, imene Ward anaidzaza ndi manja ake, m'kupita kwa zaka zinthu zake zinamwazika, njovu yaubweya ija inachotsedwa, nyumbayo n'kupatsidwa ntchito zina, ndipo chikopa cha Jumbo, chimene chinasungidwa pa koleji ya Tufts, chinapsa ndi moto m'chaka cha 1975.

Chotero, a Wapampando, pempho langa ndi ili. Musanagule kabati ya magalasi, gulani buku lalikulu lachikuto cholimba, ndipo mwala uliwonse ndi chifanizo chilichonse zilembedwe nambala pa thupi pake ndi utoto wosafufutika, nambala yomweyo ilowe m'bukumo pamodzi ndi dzina, malo, tsiku ndi wotola. Bukulo likhale ndi linzake losungidwa m'nyumba ina. Sankhani mphunzitsi mmodzi, wodziwika ndi dzina, akhale mwini makiyi ndi woyankha mlandu, pakuti ng'ombe ya anthu ambiri imagona kunja. Patulani miyala ina yoti ana aziigwira, aziikala, ngakhale kuiswa, osaopa kukalipiridwa. Ndipo inu ana athu, mukapita ku tchuthi, aliyense abwere ndi mwala umodzi wa kwawo, waukulu ngati chibakera, ndi kapepala kake. Koma mukakapeza fupa lotulukira m'thanthwe kapena m'khoma la mtsinje, musalikumbe, musalisunthe, pakuti lamulo la dziko limateteza zinthu zotere, ndipo malo amene fupa lagona ndi theka la umboni wake. Ikani chizindikiro pamalopo, uzani a mfumu, ndipo tumizani mawu ku nthambi ya boma yoyang'anira zinthu zakale.